Mkaka ndi ekisire ya pachaka sizikwanira: yankho kwa bambo wopopera penti

"Adokotala, ndine bambo wa zaka 51, ndimakhala ku Ndirande. Ndagwira ntchito zaka 19 pa fakitale ina muno mu Blantyre, yopanga mabodi a magalimoto ndi mipando yachitsulo. Ntchito yanga ndi yopopera penti, ndipo anzathu owotcherera amagwirira m'shedi yomweyo. Mnzanga amene tinalembedwa naye ntchito tsiku limodzi tinamuika m'manda miyezi inayi yapitayo. Kuchipatala anati inali khansa ya m'magazi. Chichitikire maliro aja, tulo sindikupeza. Kuntchito amatipatsa mkaka tsiku lililonse, ndipo chaka chilichonse amatijambula ekisire ya pachifuwa n'kutiuza kuti tili bwino. Fodya ndinasuta zaka 12, ndudu ngati 5 patsiku, koma ndinasiya zaka zisanu zapitazo. Ndamva kuti chipatala china cholipira chimayeza magazi n'kuona khansa zonse nthawi imodzi, koma mtengo wake ndi pafupifupi malipiro anga a mwezi wathunthu. Kodi ndikongole ndalama ndikayezetse? Kapena ekisire ija ndi yokwanira?"

Bambo, pepani ndi maliro a mnzanuyo. Munthu amene mwagawana naye nsima ya masana kwa zaka 19 ndi m'bale ndithu, ndipo n'zomveka kuti usiku mukumadzifunsa ngati wotsatira si inu. Mtima ukhale m'malo kaye. Ntchito yopaka penti imawonjezeradi chiopsezo cha khansa, sindikubisirani. Bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa imene ili ku Lyon m'dziko la France, linaika ntchitoyi m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa mu 1989. Koma kukwera kwa chiopsezo sikutanthauza kuti matenda alowa kale m'thupi mwanu. Opaka penti ambiri amapuma pa ntchito n'kukalamba osadwala khansa. Ndipo inu muli ndi mwayi umene ambiri amene amafika kwa ine amakhala atauphonya: mwafunsa muli bwinobwino.

Ngongoleyo musatenge. Palibe kuyeza magazi kumodzi kumene kwatsimikizika kuti kumaona khansa zonse n'kupulumutsa moyo, kaya kuno kwathu kaya ku Ulaya. Chimene amagulitsa nthawi zambiri ndi mayeso otchedwa tumour markers, monga CEA, CA 19-9, AFP ndi PSA. Ife timawagwiritsa ntchito makamaka pa munthu amene tamupeza kale ndi khansa, pofuna kuona ngati mankhwala akugwira kapena ngati matenda akubwerera. Pa munthu wosadwala, manambalawa amasocheretsa. CEA imakwera mwa osuta fodya. AFP imakwera chiwindi chikatupa ndi hepatitis B. PSA imakwera prostate, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo, ikangokula ndi msinkhu. Komanso munthu akhoza kukhala ndi khansa yeniyeni manambala onsewa ali pamalo pake. Ndinalandirapo bambo wina atanyamula pepala la zotsatira zotere, nambala imodzi atayizunguliza ndi cholembera chofiira. Anali atagulitsa njinga kuti alipire, ndipo anakhala masabata atatu osadya bwino. Titafufuza tinapeza kuti chinakweza nambala ija ndi fodya. Chachikulu kwa inu n'chakuti pa mayeso anayiwa palibe amene amaona khansa ya m'magazi kapena ya chikhodzodzo, zomwe ndi ziwiri mwa zitatu zimene ntchito yanu ikundichititsa kuganizira.

Ekisire ya pachaka musasiye kujambulitsa, ili ndi ntchito yake. Imathandiza kupeza chifuwa chachikulu ndi zipsera za fumbi m'mapapo. Koma pa khansa ndi yofooka. Ku America anachita kafukufuku wa anthu pafupifupi 155,000, theka lawo ankajambulidwa ekisire chaka ndi chaka, theka linalo ayi. Zotsatira zinatuluka mu 2011: imfa za khansa ya m'mapapo zinali zofanana m'magulu onse awiri. Chotupa chikamaoneka bwino pa ekisire chimakhala chitakula kale, ndipo china chimabisala kuseri kwa mtima kapena kwa nthiti. Za m'magazi ndi m'chikhodzodzo ekisire ya pachifuwa siiona n'komwe. Choncho akakuuzani kuti "muli bwino", mumve kuti chithunzi cha mapapo anu chilibe choonekeratu tsiku limenelo, basi.

Nkhani ya mkaka imandipweteka mtima. Ndi chizolowezi chakalekale cha m'mafakitale, ndipo antchito ambiri amakhulupirira ndi mtima wonse kuti mkaka umatsuka poizoni. Nthunzi ya thinner, mankhwala osungunulira penti aja, imalowera m'mapapo n'kulowa m'magazi m'timphindi tochepa, ina imalowera pakhungu. Mkaka umapita m'mimba. Ziwirizi sizikumana. Imwani mkakawo chifukwa ndi chakudya chabwino, koma ndalowapo m'malo antchito momwe mapaketi a mkaka amafika m'mawa uliwonse osaphonya, pomwe fani yokoka mpweya woipa inafa chaka chatha ndipo palibe amene akuifunsa. Antchitowo ankadziona otetezedwa, ndipo chimenecho ndicho choopsa cha mkakawu.

Kuyezetsa kwa munthu ngati inu kumayambira pa kope la sukulu ndi cholembera, magazi asanatengedwe. Khansa zobwera ndi ntchito zimatsata mankhwala ake: awa amapita m'mafupa, awa m'chikhodzodzo, awa m'mapapo. Dokotala sangasankhe mayeso oyenera ngati sakudziwa chimene mwakhala mukupuma. Lembani chaka chimene munayamba, ntchito iliyonse imene mwagwirapo ngakhale musanalowe pa fakitaleyi, mayina a penti, primer (penti woyambira wapansi) ndi thinner amene mukukumbukira, maola angati patsiku, mkati mwa chipinda kapena panja, munkavala chiyani kumaso, ndiponso munkasamba m'manja ndi chiyani. Funso lomalizali ndimafunsa wopaka penti aliyense, ndipo ambiri amayankha kuti thinner kapena petulo.

Kenako yang'anani zitini ndi madiramu amene mukugwiritsa ntchito panopa. Funani chizindikiro cha ngodya zinayi cha m'mphepete mofiira, mkati mwake muli chithunzi chakuda cha munthu kuyambira m'mutu mpaka pachifuwa, pachifuwapo pali choyera ngati nyenyezi yophulika. Pafupi pake pamakhala timanambala toyamba ndi H. Mukaona H350, ndiye kuti mankhwalawo akhoza kuyambitsa khansa. H351 ndiye kuti akuganiziridwa kutero. Jambulani ndi foni. Mankhwala alionse a m'fakitale amakhalanso ndi chikalata chake chotchedwa Safety Data Sheet, cha magawo 16, chimene wogulitsa amayenera kupereka. Pemphani kwa a sitolo kapena oyang'anira chitetezo. Gawo 3 limatchula zimene zili m'katimo, gawo 8 limanena zodzitetezera zoyenera, gawo 11 limafotokoza zimene mankhwalawo amachita m'thupi. Dokotala mukamupatsa kope lija ndi zithunzizi, mwamuchepetsera ntchito ndi theka.

Tiyeni ku magazi, poti ndi kumene mtima wanu uli. Mankhwala odziwika bwino pa khansa ya m'magazi ndi benzene. Amawononga mafuta a m'mafupa momwe magazi amapangidwira, ndipo amagwirizana kwambiri ndi mtundu wa khansa wotchedwa acute myeloid leukaemia. Thinner wamasiku ano wambiri amapangidwa ndi toluene ndi xylene, amene amapweteketsa mutu ndi kuledzeretsa koma sali m'gulu la zoyambitsa khansa. Vuto ndi lakuti benzene amatha kutsalira m'mankhwala osayengedwa bwino, makamaka aja ogulidwa m'zigubu zopanda chizindikiro, ndipo mu petulo amakhalamo ndithu. Munthu amene wakhala akutsukira manja ndi mfuti yopopera mu petulo kwa zaka zambiri wakumana naye benzene, palibe kukayika. Ku America kuyambira 1987 malire ovomerezeka kuntchito ndi gawo limodzi pa magawo 1 miliyoni a mpweya pa maola 8, ndipo mphuno ya munthu imayamba kumva fungo lake mlingo utadutsa kale pamenepo.

Mayeso ake ndi otchipa, amatchedwa full blood count, ndipo amapezeka m'zipatala za maboma ndi ku Gulupu komwe. Amawerenga maselo ofiira, maselo oyera ndi timaselo tothandiza magazi kuundana. Ndikukulangizani kuti mukayezetse mwezi uno, kenako kamodzi pachaka malinga mukugwirabe ntchitoyi. Koma mumvetse bwino ntchito yake. Khansa ya m'magazi yamtundu wachangu imatha kubuka m'masabata ochepa, moti munthu akhoza kuyezedwa mu Januwale n'kupezeka bwino, Juni n'kudwala. Phindu la mayesowa ndi kuona msanga ngati mafuta a m'mafupa ayamba kutopa, manambala akamatsika pang'onopang'ono chaka ndi chaka, kuti munthuyo achotsedwe pa mankhwalawo zinthu zisanafike poipa. N'chifukwa chake pepala limodzi silinena zambiri, koma mapepala a zaka zitatu oikidwa pamodzi amanena. Sungani lililonse, ndipo manambalawo alembedwenso m'buku lanu la kuchipatala.

Zotsatira zikatuluka zotsika pang'ono, musathamangire kuganiza za mnzanu uja. Kuno kwathu magazi amachepa ndi malungo, njoka za m'mimba, HIV, ngakhale mankhwala ngati Bactrim. Komanso anthu akuda ambiri mwachibadwa amakhala ndi maselo oyera a mtundu wa neutrophil ocheperapo kuyerekeza ndi manambala amene makina ambiri anaikidwira, ndipo sikudwala kumeneko. Dokotala wabwino amabwereza mayeso pakapita masabata angapo, n'kuyang'ana magaziwo pa maikulosikopu, asananene chilichonse. Pali chinanso cholimbikitsa: chiopsezo cha benzene chimakhala chachikulu m'zaka 10 mpaka 15 zotsatira pamene munthu wakumana naye, kenako chimanka chitsika. Kusiya petulo lero kuli ndi phindu lenileni.

Pa chikhodzodzo ndichedwapo, chifukwa ndi pamene timataya anthu amene tikanawapulumutsa. Nkhaniyi inadziwika mu 1895, pamene dokotala wa maopaleshoni Ludwig Rehn wa ku Frankfurt ku Germany anaona zotupa za m'chikhodzodzo mwa antchito atatu a fakitale yopanga utoto. Patapita zaka kunadziwika kuti olakwa ndi mankhwala ngati benzidine ndi 2-naphthylamine, amene ankapezeka mu utoto ndi m'mafakitale a labala. Thupi limawatulutsira mu mkodzo, ndipo mkodzo umakhala maola ambiri m'chikhodzodzo ukukhudza khoma lake. Mayiko ambiri anawaletsa mankhwalawa, komabe opaka penti akupezekabe ndi khansa ya chikhodzodzo mochulukirapo kuposa anthu ena, ndipo utsi wa fodya uli ndi mankhwala a mtundu womwewo. Khansa imeneyi imachedwa, imatha kuonekera patapita zaka 20 kapena kuposerapo, munthu atapuma kale pa ntchito ali kumudzi.

Chizindikiro chake choyamba ndi magazi mu mkodzo, nthawi zambiri popanda ululu uliwonse. Ndipo kuno kwathu munthu akangoti magazi mu mkodzo, aliyense amati likodzo. Sindiiwala bambo wina wa zaka za m'ma 50 amene anagwira ntchito yonyika nsalu mu utoto ali mnyamata. Anafika kwa ine ndi buku la kuchipatala lakutha m'makona. Nditatsegula ndinapeza kuti m'miyezi 14 analembedwa praziquantel, mankhwala a likodzo, katatu, m'malo atatu osiyana, ndipo palibe pamene panalembedwa kuti mazira a likodzo anaoneka mu mkodzo wake. Magazi ankabwera masiku awiri, n'kusiya miyezi itatu, iye n'kumati mankhwala agwira. Palibe amene anamufunsa ntchito imene ankagwira. Titamuika pa sikani ya m'mimba, chotupa chinaoneka pakhoma la chikhodzodzo ngati kamutu ka kolifulawa, chitalowa kale mkati mwa mnofu. Akanabwera pa ulendo woyamba uja, mwina chikanangopalidwa kudzera m'njira ya mkodzo, chikhodzodzo n'kutsala.

Likodzo lilipodi, m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ku Chilwa, ku Chigwa cha Shire ndi m'madambo ambiri, ndipo likakhalitsa nalonso limayambitsa khansa ya chikhodzodzo. Choncho ngati munakulira kosambira m'madzi otere, kumwa praziquantel n'koyenera. Koma munthu wa msinkhu wanu ndi ntchito yanu akaona magazi mu mkodzo, ngakhale kamodzi kokha, ngakhale atasiya okha mawa lake, nkhani isathere pa mapilitsi. Mkodzo uyang'anidwe pa maikulosikopu, impso ndi chikhodzodzo ziunikidwe ndi sikani, ndipo ngati chifukwa chake sichikuoneka bwino, atumizidwe kwa madokotala a njira ya mkodzo kuchipatala chachikulu kuti akamuone ndi cystoscopy, kachubu kokhala ndi kamera kolowetsa m'chikhodzodzo. Amuna ambiri amakaopa kachubuka. Amathira mankhwala ochititsa dzanzi, ndipo zimatenga mphindi zochepa.

Pamene mulibe chizindikiro chilichonse, onjezani kuyeza mkodzo pa ulendo wanu wa pachaka uja. Amaviika kapepala mu mkodzo, pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri kamasintha mtundu ngati muli magazi osaoneka ndi maso. Kwa anthu wamba sitilimbikitsa kuyeza kotere chaka ndi chaka, chifukwa kamapeza zambiri zopanda vuto. Kwa munthu wa zaka 51 amene wapopera penti zaka 19 n'kusutaponso fodya, ine ndimayeza, ndipo ndimamuuza apitirize ngakhale atapuma pa ntchito.

Mapapo ndi achitatu. M'shedi yanu muli zinthu zingapo zowaopseza: primer ndi penti wina wachikasu wokhala ndi chromate, mankhwala oletsa dzimbiri, makamaka pomupopera kapena pomukwecha ndi sandipepa, utsi wa owotcherera umene IARC inauika m'gulu loyamba mu 2017, ndi utsi wa dizilo umene unalowa m'gululi mu 2012, ngati magalimoto amalizidwa mkati momwemo. Njira imene yatsimikizika kuti imachepetsa imfa za khansa ya m'mapapo ndi sikani ya CT ya mphamvu yochepa, imene imajambula mkati mwa chifuwa mwatsatanetsatane kuposa ekisire. Kafukufuku wa anthu oposa 53,000 ku America anaonetsa mu 2011 kuti inachepetsa imfazi ndi 20 pa 100 alionse poyerekeza ndi ekisire. Koma anthuwo anali osuta kwambiri. Malangizo a kumeneko a 2021 amati sikaniyi ndi ya anthu a zaka 50 mpaka 80 amene anasuta mlingo wofanana ndi paketi ya ndudu 20 tsiku lililonse kwa zaka 20. Inu, ndudu 5 patsiku kwa zaka 12, zikufanana ndi paketi patsiku kwa zaka 3 zokha. Muli kutali ndi mlingo umenewo.

Wina anganene kuti, bwanji osangojambulitsa kuti mtima ukhale pansi? Mu kafukufuku yemweyo, pafupifupi sikani imodzi pa zinayi zilizonse inkaonetsa kanthu kokayikitsa, ndipo pa zokayikitsazo zoposa 96 pa 100 sizinali khansa. Kuno, komwe anthu ambiri ali ndi zipsera za chifuwa chachikulu m'mapapo, timadontho totere tingachuluke koposa. Kadontho kalikonse kamafuna sikani ina pakapita miyezi, ndalama zina, mwinanso kubayidwa singano m'phapo. Choncho panopa sindikukutumizani ku CT. Chimene chingasinthe maganizo anga ndi kope lanu lija likaonetsa kuti munagwirapo kwambiri asibesitosi, monga kudula malata ake akale, kuchotsa zokutira mapaipi a ma boiler, kapena kupemerera fumbi la mabuleki kwa zaka. Pamenepo mukambirane ndi dokotala wa mapapo. Kafukufuku wakale wa antchito okuta mapaipi ku America anapeza kuti asibesitosi yekha ankachulukitsa chiopsezo cha khansa ya m'mapapo pafupifupi ka 5, fodya yekha ka 10, koma ziwirizi pamodzi ka 50. Mukaona manambala amenewa mumvetsa kuti tsiku limene munataya ndudu zaka zisanu zapitazo munadzichitira chinthu chachikulu kuposa mayeso onse amene ndatchula. Musabwerereko, ngakhale panopa pamene maganizo akuchuluka.

Ndipatuke pang'ono chifukwa cha owerenga ena amene makolo awo anagwira ntchito m'migodi ya asibesitosi ku Zvishavane ndi Mashava ku Zimbabwe, kapena cha ku Kuruman ku South Africa. Khansa ya chikuto cha mapapo yotchedwa mesothelioma imatha kubwera patapita zaka 30 kapena 40, ndipo imagwiranso amayi amene ankachapa zovala zafumbi za amuna awo. Gogo wotere akayamba kubanika ndi kumva kupweteka mbali imodzi ya chifuwa, n'kupezeka ndi madzi m'chifuwa, mbiri ya kumgodi ija muitchule kwa dokotala, isangotengedwa ngati chifuwa chachikulu.

Kwa inunso chifuwa chachikulu chikhoza kuphimba zina. Mukakhosomola kupitirira masabata awiri, kayezetseni makhololo monga mwa nthawi zonse. Akapanda kupeza kachilombo koma chifuwa osatha, kapena mwayamba mankhwala a TB koma pakutha miyezi iwiri mukunkabe muonda, bwererani mukanene mawu awa: "Ndapopera penti zaka 19 pafupi ndi owotcherera, ndipo ndinkasuta." Pamenepo CT imakhala yofufuzira matenda, ndipo ndi yoyenera ndalama zake.

Pa ulendo wanu wa pachaka uja dokotala ayang'ane khungu la m'manja ndi m'mikono, m'mphuno ndi m'kamwa, apapase m'khosi, m'khwapa ndi m'mimba. Dziwaninso mmene mulili pa HIV ndi hepatitis B, chifukwa khansa zambiri zimene timaona m'zipatala zathu zimadzera kumeneko osati kufakitale. Ndipo mayi akunyumba akayezetse khomo la chiberekero ngati sanapite posachedwa, n'kwaulere m'zipatala za boma.

Komabe bambo, mayeso onsewa amangoona zimene zachitika kale. Mukadali ndi zaka zingapo m'shedi imeneyo, ndipo zimenezo ndi zimene tingathe kuzisintha. Kamasiki koyera kapepala kaja kamatchinga fumbi lokha, nthunzi ya thinner imadutsa ngati palibe kanthu. Kansalu komanga kumaso ndiye n'kosathandiza konse. Chofunika ndi masiki ya labala yokhala ndi zosefera za makala, zimene pa muyezo wa ku Ulaya zimakhala ndi chilembo A ndi mzere wabulauni, pamodzi ndi chosefera cha timadontho ta penti. Igwire nkhope bwino, ndevu zimalowetsa mpweya m'mbali. Zoseferazo zimatha mphamvu, ndipo mukazisiya pamtunda usiku zimapitiriza kuyamwa nthunzi ya m'chipindamo, choncho muzizitsekera m'pepala la pulasitiki kapena m'chitini. Mukayamba kumva fungo muli chivalire, zatha kale. Penti wosakaniza ndi hardener, mankhwala oumitsa penti, ali ndi vuto linanso, amayambitsa mphumu, ndipo amafuna masiki yolandira mpweya wabwino kudzera m'paipi. M'manja muzisamba ndi sopo, petulo ayi. Musadyere m'chipinda chopoperamo. Ovolosi isapite kunyumba kukachapidwa pamodzi ndi zovala za ana. Zitini zizikhala zovundikira. Koma choposa masiki ndi chipinda chopoperamo chokhala ndi fani yokoka mpweya kunja, cholekana ndi owotcherera, ndiponso kusintha primer wa chromate ndi wina wopanda chromate, amene alipo pamsika.

Zimenezi si zoti mugule ndi malipiro anu. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika pa olemba ntchito udindo woteteza thanzi la antchito ndi kuwapatsa zodzitetezera, ndipo ku Unduna wa Zantchito kuli nthambi yoyendera malo antchito. Ndikudziwa kuti munthu mmodzi akadandaula yekha amaopa kutchedwa wovuta n'kuchotsedwa. Mutu umodzi susenza denga: pitani ngati gulu, kudzera ku bungwe la antchito ngati lilipo, ndi pempho lolembedwa lomveka bwino. Pemphani kuti pa kuyeza kwa pachaka awonjezere full blood count ndi mkodzo kwa onse opopera, kuti aliyense azipatsidwa pepala la zotsatira zake m'manja, kuti fani ikonzedwe, ndiponso kuti mpweya wa m'shedi uyezedwe. Mabwana ena amamva akaona kuti mtengo wa mayeso awiriwa pa munthu ndi wochepa poyerekeza ndi mkaka wa chaka chonse.

Pali zizindikiro zimene simuyenera kudikira nazo tsiku la pachaka. Kutopa kosadziwika bwino pamodzi ndi kuyera m'maso ndi m'manja, kutuluka magazi m'mphuno kapena m'nkhama pafupipafupi, mabala akuda pakhungu osamenyedwa, kutentha thupi kobwerezabwereza malungo osapezeka: apa pitani sabata yomweyo mukapemphe full blood count. Magazi mu mkodzo kapena m'makhololo, mawu osasa kupitirira masabata atatu, mphuno imodzi yotsekeka yotuluka magazi, chilonda chosapola, chotupa m'khosi, kuonda popanda chifukwa, kapena nsima kuyamba kukakamira pakhosi, zonsezi n'zofunika dokotala msanga. Yambirani pa chipatala chapafupi, koma mukaona kuti mwabwerera kawiri ndi vuto lomwelo, pemphani kalata yopita ku Gulupu. A chigawo chapakati apite ku Kamuzu Central, komwenso kuli chipatala cha khansa cha dziko lino. Ndipo kusowa tuloku kukapitirira mwezi wina, kanenenso kuchipatala kapena kwa munthu amene mumamukhulupirira, chifukwa chisoni nachonso chimadwalitsa.

Mukapita kukazonda mayi amasiye a mnzanu uja, muwauze asataye buku lake la kuchipatala, zotsatira za magazi, ndi kalata ya imfa. Pa mapepalawo palembedwa mtundu weniweni wa khansa imene anadwala, ndipo mtunduwo ukaikidwa pambali pa mndandanda wa mankhwala amene ankagwira, dokotala akhoza kunena ngati ntchito ikukhudzidwa. Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limakhudzanso matenda obwera chifukwa cha ntchito, osati ngozi zokha, koma nkhani za chipukutamisozi zili ndi malire a nthawi, choncho apite ku ofesi ya zantchito ya boma asanachedwe. Kope lanu lija lidzawathandiza kwambiri, poti inu ndi malemuwo munayamba tsiku limodzi ndipo munkatsegula zitini zomwezo.